Mapazi Anga Ali ndi Mwini Wake

Malemu amene agona pamaso pathupa, mayi athu Arminta Whaley, anabadwa pa 9 March 1838 m'chigwa chathu chomwe chino cha Laurel, kuno kum'mawa kwa Tennessee, m'nyumba ya mitengo ya Bambo Zadock ndi Mayi Keziah Ownby, kumtunda kwa chigayo. Abusa, akulu a mpingo, achibale ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, amene ndikulankhulane ndine Lemuel Whaley, chitsiriza cha malemu. Achemwali anga a Tobitha ati mbiriyi ndiwerenge ine, poti pakamwa pa amayi ndinatengera ndine. Ndiyesetsa kuti mawu asandithawe.

Mwa ana asanu ndi awiri a banja la Ownby, amene anakula ndi awiri okha: malemu, ndi mng'ono wawo a Drusilla amene anabadwa mu 1840. Enawo anagona kuseri kwa tchalitchi chino ali makanda. Mwina n'chifukwa chake awiriwa anakanirirana chotero. Ankagona pa bedi limodzi, kufunda gombeza limodzi, ndipo wina akalakwa chikwapu ankagawana. Koma mitima yawo inali yosiyana. Malemu anali munthu wa tsinya kuyambira ali mwana, wosaseka zilizonse. A Drusilla anali nthabwala zokhazokha, ndipo ntchito yawo yaikulu padziko inali kuseketsa mkulu wawo pamalo posayenera kuseka.

Sukulu malemu anayamba mu 1846, miyezi yozizira yokha pamene kumunda kulibe ntchito, kwa mphunzitsi amene ankalandira malipiro ake m'chimanga ndi nyama ya nkhumba. Anaphunzira nyengo zitatu. Kuwerenga anakudziwa bwino, koma kulemba kunawakana, ndipo mpaka kukalamba ankati cholembera ndi chida cha anthu opanda miyendo, munthu ukakhala ndi mawu uzipita wekha kukanena.

Mu 1855 awiriwa anabatizidwa tsiku limodzi mu mtsinje wa Laurel n'kulowa mpingo uno. Pano ndiyenera kufotokoza pang'ono, chifukwa ndikuona alendo ochokera ku kampani ya matabwa amene sadziwa mwambo wathu. Chaka chilichonse, Lamlungu lachitatu la May, tikatha mgonero timasambitsana mapazi. Abambo mbali yawo, amayi mbali yawo, awiriawiri. Wina amamanga nsalu yaitali m'chiuno, kugwada, kusambitsa mapazi a mnzake m'beseni n'kuwapukuta, kenaka amasinthana. Agogo athu a Keziah anawomba nsalu imodzi yaitali, n'kuidula pakati, theka kwa Arminta, theka kwa Drusilla. Kuyambira chaka chimenecho palibe amene ankafunsa kuti awiriwa asambitsana ndi yani.

Akuluakulu amene analipo amasimba kuti a Drusilla akagwira phazi la mkulu wawo, anthu ali m'kati mwa nyimbo, misozi ili m'masaya, iwo ankayendetsa chala pansi pa phazipo. Malemu ankaluma mlomo, mapewa akugwedezeka, mpaka chaka china kuseka kunaphulika ndithu. Abusa a nthawi imeneyo anaimitsa nyimbo. “Ana a Zadock inu, muno si m'khitchini mwa amayi anu!” A Drusilla anayankha nkhope ili gwa: “Pepani abusa, ndi chimwemwe cha mzimu chawagwira achemwaliwa.”

Pa 14 October 1857 malemu anakwatiwa ndi bambo athu Elkanah Whaley, mlimi wa m'chigwa chino. Patapita zaka ziwiri a Drusilla anakwatiwa ndi a Lemuel Cagle a ku Marlow, kumunsi kwa mtsinje, ulendo wa tsiku limodzi pa nyulu. Dzina lomwe ndikuyenda naloli ndi lawo, ndipo ndifikako. A Cagle anali woyendetsa ngolo, munthu wamtali wokonda kuimba mluzu, amene anapezana ndi mkazi womuyenera pa nkhani ya kuseka. Ngakhale anasamukira kumunsi, a Drusilla sanachotse dzina lawo mu mpingo uno. May aliyense ankakwera phiri ndi amuna awo, theka la nsalu lija lili m'dengu.

Achinyamata obadwa dzulo mumafunsa kuti nkhondo ija inayamba bwanji. Sinayambe ndi mfuti ayi. Inayamba ndi mawu akuti “ife akuno” ndi “iwo akumeneko”. Akuluakulu ankakangana kuti mawu omaliza akhale a yani, a boma la chitaganya la ku Washington kapena a maboma a zigawo. Koma pansi pa mkangano wonsewo panagona nkhani imene ambiri ankailambalala ngati chitsa cha m'munda: anthu ogulidwa ndi kugulitsidwa, akapolo amene ankalima minda ya eni chuma a kumadambo. Ife akumapiri tisadzitame kuti tinali oyera mtima kuposa ena. Akapolo tinalibe chifukwa nthaka yathu ndi miyala. Chomwe chinkatiwawa ife n'chakuti misonkho yathu inkatsika phiri, koma misewu ndi maudindo zinkathera kwa omwewo a kumadambo, ndiye anthu omwewo abwere adzatiuze kuti tikawafere.

Lamlungu la May 1861 linali lomaliza malemu ndi mng'ono wawo kusambitsana. Tsikulo abambo anachedwa kulowa m'tchalitchi, atagwirana pa mkangano panja pomangirira akavalo. A Cagle anati kwa bambo athu: “Achimwene, inu mukufunadi kulamulidwa ndi anthu a ku Washington, oti phiri lanuli sanalionepo n'kutulo komwe?” Bambo anayankha: “Nanga iwe ukufuna ukafere munda wa thonje woti sudzathyolamo ngakhale dzanja limodzi?” A Cagle anaseka. “Ine ndizingoyendetsa ngolo basi. Nyulu zanga zilibe chipani.” M'katimu a Drusilla, atagwada pa beseni, ananong'oneza mkulu wawo: “Asiye atokote, njala ikawapweteka alowa. Koma iwe Minta, chaka chamawa madzi uzitenthetsa bwino, awa ngozizira ngati mtima wa dikoni.” Malemu anaseka tsiku limenelo, ndipo ankati akadadziwa bwenzi ataseka kwambiri.

Pa 8 June 1861 Tennessee anavota zotuluka m'chitaganya n'kulowa boma latsopano la zigawo za kum'mwera. Kuno kum'mawa ambiri anakana, koma mavoti a pakati ndi a kumadzulo anatimiza. Atsogoleri akuno anapempha kuti, poti Tennessee wadzipatula, nafenso atilole tidzipatule kwa Tennessee. Yankho lake linali asilikali a kum'mwera, a malaya otuwa, m'matauni ndi pa milatho yathu. Marlow anatsata otuwawo, Laurel anatsalira ku chitaganya, ndipo mtsinje umodzi womwewu unayamba kukhala ndi anthu a kumtunda ndi anthu a kumunsi.

Mu 1862 boma la kum'mwera linalamula kuti amuna amisinkhu ya nkhondo alowe usilikali, afune asafune. A Cagle anavala malaya otuwa n'kupatsidwa ngolo zonyamula mchere wa asilikali kuchokera ku Virginia. Bambo athu ndi amuna ena a m'chigwa chino anakana, n'kukabisala m'mapanga a kumtunda. Mpingo uno unatsekedwa chaka chimenecho, chifukwa munthu sungagwire phazi la mnzako Lamlungu, Lolemba n'kukamusaka m'tchire. Amayi otsala m'nyumba anapangana chinthu chimodzi. Nyumba iliyonse inali ndi nyanga ya ng'ombe yoitanira abambo ku chakudya. Anati aliyense woona malaya otuwa akukwera njira aziliza nyangayo mofulumira, kuti obisala amve athawire kutali. Nyumba ya malemu ndi imene inali yoyamba kuona powolokera mtsinje, ndiye udindo waukulu unali wawo.

Chaka chomwecho mchere unasowa. Amene simunaone zimenezi mungaganize kuti ndi nkhani ya ndiwo kusakoma. Ayi. Kuno munthu amadutsa nyengo yozizira ndi nkhumba imene wapha mu December n'kuifutsa ndi mchere. Popanda mchere nyama imaola, ndipo pofika February ana amayamba kutupa. Malemu anali ndi ana atatu, a Tobitha, a Silas ndi khanda Orlena. Anafika pokumba dothi la pansi m'kanyumba kofutsiramo nyama, kuliwiritsa ndi kusefa, kuti apeze kamchere kakuda kodzaza chikho. Mbiri imeneyi inatsika phiri mpaka inafika ku Marlow. A Drusilla atamva sanagone. Amuna awo atangofika pa tchuthi cha masiku ochepa, anawakakamiza kuti akweze thumba la mchere pa nyulu apite nalo kwa Minta.

Unali m'mawa wa nkhungu, mu December 1862. Malemu anali panja kuwaza nkhuni pamene anaona munthu wa malaya otuwa, kolala ataimika mpaka m'makutu, ndevu zili pepeya, akulowa m'madzi pa nyulu ya asilikali. Sanadikire. Anachita zomwe anapangana ndi amayi anzawo, anathamangira nyanga n'kuliza. Nyangayo inali youza amuna kuti athawe. Koma sabata yomweyo otuwa anali atagwira mnyamata wa m'chigwa chino n'kupita naye atamumanga, ndipo mitima ya obisala inali itawira. Amuna atatu amene anali pafupi, mmodzi wa iwo bambo athu, m'malo mokwera phiri anatsikira ku mtsinje. Mfuti zitatu zinalira. Ya yani inalasa, palibe amene anadziwa mpaka onse atatu analowa m'manda.

Malemu ankasimba kuti asanamve mfutizo, nyanga ili pakamwa, anamva mluzu. Anauzindikira. Anataya nyanga n'kuthamanga akukuwa, koma anapeza a Cagle atagona m'mphepete mwa madzi, nyulu itaima pambali pawo, thumba la mchere lili pamsana pake.

Bambo athu anathawira ku Kentucky tsiku lomwelo n'kukalowa usilikali wa chitaganya. Mtembo wa a Cagle anautsitsira ku Marlow ndi amayi okha, pa chilei chokokedwa ndi ng'ombe, thumba la mchere lili kumiyendo. Sanabise kanthu. Ataima pakhomo pa mng'ono wawo ananena kuti nyanga analiza ndi iwo. A Drusilla sanalire pamaso pawo. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana thumba, n'kunena: “Mcherewo tengani, Mayi Whaley. Ndaugula kale ndi mwamuna wanga. Koma phazi langa silidzapondanso kumtunda kwanuko.”

Ndipo amayi anautenga. Ichi ndicho chinawadya moyo wawo wonse. Ankati: “Ndikadautaya mu mtsinje iye akuona, mwina akadandikhululukira. Koma ndinali ndi ana atatu ndi nkhumba ziwiri. Ndinausenza, ndinafutsa nyama, ana anadya.” A Tobitha ndi a Silas akhala apowa ali moyo chifukwa cha thumba limenelo, ndipo akudziwa.

Nkhondo inatha mu 1865, akapolo anamasulidwa, ndipo bambo anabwerera ali ndi chifuwa chomwe sichinawasiyenso. Mu May 1866 mpingo uno unatsegulidwa. Mabenchi anali ndi mipata yambiri. Nthawi ya mapazi itakwana, malemu anamanga theka lawo la nsalu, anagwada, anasambitsa mayi wamasiye amene anasowa mnzake. Koma mayiyo atati asinthane, malemu anabweza miyendo pansi pa benchi, nsapato zili zomanga. Abusa Huskey, amene ankatitsogolera zaka zimenezo, anawayandikira. “Mlongo Arminta, vulani nsapato.” Iwo anati: “Mapazi anga ali ndi mwini wake, abusa.”

Chaka chachiwiri anachitanso chomwecho, chachitatu chimodzimodzi, mpaka nkhani inakafika ku bwalo la mpingo. Ena ankati n'kudzikuza, ena ankati achotsedwe. Abusa anawakumbutsa za mtumwi uja amene anakana kusambitsidwa ndi Ambuye wake, ndi mmene anadzudzulidwira. Malemu anamvetsera mpaka abusa anamaliza, kenaka anati: “Uja anakana, abusa. Ine sindikukana, ndikudikira.” Dikoni wina anatsokomola n'kunena kuti ng'ombe zake sizinamwe, ndipo mlandu unathera pomwepo.

Ine ndinabadwa mu 1867. Amayi atanena dzina, bambo anagwira mutu. “Mayi, dzina limenelo ndizilitchula bwanji tsiku ndi tsiku?” Amayi anati: “Muzilitchula basi. Inu munawomba, ine ndinaliza. Tizilimva tonse.” Ndinakula osadziwa chifukwa chake bambo ankangondiitana kuti “mnyamata iwe”, pomwe amayi ankalitchula dzinalo lonse, mokweza, ngakhale ndili pafupi.

Pa ntchito zawo ndisataye nthawi, poti theka la inu mwakhala panonu munafikira m'manja mwawo. Kuyambira 1870 anali mzamba wa chigwa chino. Chisanu, mvula, kaya mtsinje wadzaza, akaitanidwa ankapita. Sankafunsa kuti bambo wa mwanayo anavala malaya amtundu wanji pa nkhondo, koma abambo oyendayenda pakhomo nthawi ya kubereka ankawathira mawu osaiwalika. Bambo wina amene ndikumuona kumbuyoko anauzidwa kuti: “Zanu munachita kale, ndipo sizinatenge nthawi. Pitani mukawaze nkhuni.” Ankasunga njuchi, ankadziwa mitengo ya mankhwala, ndipo mkate wawo wa chimanga unali wouma, tinene zoona pamaso pawo, koma palibe amene analimba mtima kuwauza.

Zaka zonsezi sanaleke kufuna mng'ono wawo. Poyamba ankatumiza mwendo wa nkhumba wofutsa December aliyense, ndipo unkabwerera osakhudzidwa. Amayi anali anzeru pa zambiri, koma apa nzeru zinawathawa. Munthu amene amuna ake anafera mchere, inu n'kumamutumizira nyama ya mchere! Atazindikira analira, n'kuyamba kutumiza uchi. Nawonso unkabwerera. Mu 1878 anatsika okha wapansi. Anaima pa chipata, a Drusilla ali pakhonde. “Mukufuna yani, Mayi Whaley?” “Ndikufuna mng'ono wanga.” “Ameneyo anamwalira chaka cha nkhondo.” Amayi anati: “Ndiye ndisonyezeni manda ake, ndikalirepo.” A Drusilla anaimirira, analowa m'nyumba, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Amayi ankati kusamenyetsa chitsekoko ndi kumene kunawapatsa mphamvu yodikira zaka zina makumi atatu.

Mu 1890 asilikali akale a mbali zonse ziwiri anakumana ku Knoxville, kugwirana chanza, kudyera limodzi nyama yowotcha, malipenga akulira. Andale amene makolo awo anagawa dziko anali atagawana kale mipando. Bambo atawasimbira, amayi anati: “Amuna amene anawomberana agwirana chanza. Ife amene sitinagwirepo mfuti ndiye tidakali ku nkhondo.” Bambo anamwalira pa 2 February 1894, ndipo malemu anakhala amasiye zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Inu a mpingo uno mukudziwa pomwe ankakhala Lamlungu la May, kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo. Chitseko chikalira ankacheuka. Madzi ankatenthetsa okha, ketulo imodzi yoposa yofunika, ndipo ankaiika pambali ataivindikira ndi nsanza kuti isazizire. Atsikana ankasekera m'manja kuti agogo a Whaley saonetsa mapazi chifukwa ali ndi zala zisanu ndi chimodzi. Iwo ankamva zonsezo. Mwambo ukatha ankatenga ketulo ija n'kukathira madziwo pa tsinde la mtengo wa maapozi uli panjawo.

Matenda anawayamba mu February chaka chino cha 1911. Chinayamba ndi chifuwa, kenaka miyendo inatupa, mpweya n'kumavuta. Dokotala wa ku kampani anabwera kawiri, ndipo tikumuthokoza chifukwa chonena zoona. Sabata yatha amayi anaitana a Tobitha n'kuwauza: “Mukamadzandisambitsa, musambitse thupi lonse, koma mapazi musiye. Ndipite nawo choncho.” A Tobitha anati titume munthu ku Marlow. Amayi anati: “Ndapempha mokwanira, mwanangu. Musamuvutitse, nayenso wakalamba.”

Sindinawamvere. Loweruka ndinakwera sitima ya matabwa n'kutsika. Azakhali anga, amene ndinali ndisanawaonepo chibadwire, ndinawapeza akubzala nyemba kuseri kwa nyumba. Ndinavula chipewa n'kuyamba kunena dzina langa. Anandidula. “Ndikukudziwa. Dzinalo ndinalimva utangobadwa. Mayi ako ankaganiza kuti dzina limabweza munthu?” Ndinati ayi, azakhali, sindikudziwa zomwe ankaganiza, koma akupita, ndipo Lamlungu la May lino sadzalifika. Anapitiriza kuponya nyemba m'maenje, kufotsera ndi phazi. Ndinaima mpaka manyazi anandigwira. Ndinabwerera ndekha, ndipo ndivomere kuti m'njira monse ndinkawanenera zoipa mumtima.

Amayi anatisiya Lachiwiri, pa 9 May 1911, dzuwa litapendeka, ali ndi zaka 73. Mpaka mapeto nkhope yawo inali yoloza kukhomo. Amayi a mpingo anawasambitsa monga ananenera, mapazi n'kuwasiya.

Dzulo m'mawa, tikukonza matabwa a bokosi pabwalo, tinaona mayi wokalamba akukwera njira kuchokera ku mtsinje, nsapato zili m'manja, diresi litanyowa mpaka m'mawondo, kadengu kali pa mkono. Anali azakhali. Anaona matabwa aja n'kuima. Palibe amene anafunika kuwauza. Anati kwa ine: “Ndinanyamuka Lolemba pa sitima, Lemuel. Ndinafika powolokera paja dzuwa lili pamutu. Miyendo inakana. Ndinakhala pa mwala mpaka madzulo, ndikuona utsi wa nyumba ino, kenaka ndinabwerera kukagona kwa anthu a pa njanji. Lachiwiri chimodzimodzi. Lero ndiye ndawoloka.” Aka kanali koyamba kuti atchule dzinalo ali kuyang'ana ine.

Analowa m'chipinda. A Tobitha anawauza zimene amayi ananena za mapazi. Azakhali anapempha beseni. Mtsikana atabweretsa madzi, anaviikamo chala n'kuwabweza. “Awa ngozizira. Katenthetse bwino.” Anatulutsa m'dengu theka lawo la nsalu, litachita chikasu m'mopinda, n'kulimanga m'chiuno. Mawondo awo ndi a zaka 71, koma anakana mpando. Anagwada kumiyendo kwa bedi, anavundukula mapazi a mkulu wawo, n'kuwasambitsa limodzilimodzi, pakati pa zala, pa zidendene zong'aluka, osafulumira. Ife tinaima kukhoma. Atamaliza kupukuta tinaona akuyendetsa chala pansi pa phazi. Anadikira. Anayendetsanso. Kenaka anati: “Seka tsono, iwe Minta. Abusa palibe muno. Seka.” Ndipo kulira kumene anakusunga kuyambira 1862 kunatulukira pamenepo.

Atatonthola, a Tobitha anaona kuti mapazi a azakhali ali matope okhaokha a powolokera, chala china chikutuluka magazi. Anatenga theka la nsalu la amayi, anathira madzi ena otentha, n'kugwada. “Azakhali, bweretsani ndikusambitseni.” Azakhali anabweza miyendo pansi pa mpando. Anati: “Ayi mwanangu, zikomo. Mapazi anga ali ndi mwini wake.” Sanadziwe kuti mawu amenewo tawamva m'tchalitchi muno zaka makumi anayi ndi zisanu. Tinamva dzulo lomwelo kuti nawonso, chichokereni mu 1861, sanalolepo munthu kuwasambitsa.

Malemu asiya ana atatu: a Tobitha, a Silas ndi ine, a Orlena anatsogola mu 1899. Asiya zidzukulu khumi ndi zinayi, ndi zidzukulutudzi zisanu ndi chimodzi. Asiyanso mng'ono wawo mmodzi, Mayi Drusilla Cagle a ku Marlow, amene akhala kumapeto kwa benchi pafupi ndi khomo apowo, pamalo pomwe palibe amene anawalozera.

M'malo mwa banja ndikuthokoza abusa ndi madikoni, amayi amene anagonera kuno ndi kusambitsa malemu, abambo amene anasiya kubzala chimanga n'kudzakumba manda m'miyala, a Ogle amene apala bokosi osafuna kanthu, ndi anthu a pa njanji amene anasunga azakhali athu masiku awiri osawafunsa mafunso. Mulungu akubwezereni.

Amene mudutse kudzaona nkhope musadabwe kuti nsapato sitinawaveke. Mapazi awo akulungidwa m'matheka onse awiri a nsalu ija, monga azakhali afunira. Amayi, munadikira ndipo mwini wake anabwera. Pitani ndi mapazi oyera, mukatenthetse madzi kumeneko, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendere.